Chingwe cha pansi pa nkhokwe

Mwana wanga Tadala wabwera kuchokera kusukulu kuno ku Kraaifontein ndi ntchito yolemba za njoka ina yaululu ya ku Amereka, yokhala ndi maseche kumchira. Akuti ili ndi mayina angapo, ndiye akuwaloweza mokweza.

Kwathu ku Dedza mayi sankatchula njoka dzina. Ankati ukaitchula imabwera.

Tsiku lina masana ndili mwana, ndikusenda mtedza pakhonde, ndinawamva akuuza bambo motsitsa mawu kuti, "Pansi pa nkhokwe pali chingwe." Bambo anapita kuseri kukatenga khasu. Ine ndinali nditakhala masiku ndikufuna chingwe choti tizilumpha ndi anzanga, choncho ndinakwawira pansi pa nkhokwepo. Pankanunkha gaga ndi zitosi za nkhuku. Chingwecho chinali chonenepa, chamawangamawanga. Nditatambasula dzanja, chinafufuma n'kuyamba kupuma.

Mayi anandikoka mwendo mpaka mimba inasupuka.

"Imeneyo ndi mphiri, mwana iwe," anatero. Kanali koyamba kuwamva akuitchula.

Ankabisa dzinalo pofuna kutiteteza, koma ndikanalimva poyamba paja, sindikanachoka pakhonde.