A Pampu ndi Kaputeni Ndioneni

Zaka makumi atatu ndi chimodzi bambowa anagwira ntchito yozimitsa moto, koma motowo ankauonera chapatali. Malo awo anali kumbuyo kwa galimoto, pamene pamakhala pampu. Anzawo akamathamanga ndi mapaipi kukakwera makwerero, iwo ankatsala chiimire, dzanja pachitsulo chotsegulira madzi, maso pa kamuvi kosonyeza mphamvu ya madziwo. Mphamvu ikachepa, munthu wa pamwamba uja apsa. Ikachuluka, paipi imukankha n'kumugwetsa. N'chifukwa chake ankatchedwa a Pampu, ndipo dzinalo linawakanirira moti ngakhale akazi awo ankawaitana choncho akapsa mtima.

Atolankhani ankabwera ndithu, koma ndani angataye nthawi kujambula munthu woyang'ana kamuvi? M'nyuzipepala analowamo kamodzi kokha, tsiku limene inapsa fakitale ya matiresi, ndipo chimene chinatuluka ndi chigongono chawo chakumanja, m'mphepete mwa chithunzi cha abwana. A Pampu sanadandaule. Anali munthu wa mawu ochepa, woti pamsonkhano uliwonse mumamupeza kumbuyo akunyamula mipando.

Vuto linayamba atapuma pantchito. Munthu wozolowera kudikira belu sadziwa kukhala pansi. Anamasula mipope yonse ya m'nyumba, yabwinobwino, n'kuimanganso. Anathira mafuta zitseko mpaka zinayamba kudzitsekukira zokha. Akazi awo anafika potopa, n'kuimbira foni mwana wawo wamkazi, namwino: "Iwe, bambo akowa uziwatengako Loweruka, apo ayi andimasulira denga."

Kunyumba kwa namwinoyo Loweruka masana kunkachitika masewera a patebulo. Ankawayendetsa ndi mwamuna wake, mphunzitsi wa masamu. Wosewera aliyense amapeka ngwazi yake ya mphamvu zodabwitsa n'kuilemba papepala: dzina, mphamvu zake, ndi chofooka chake. Mphunzitsiyo amafotokoza tsoka limene lagwa mumzinda wongopeka, osewera amanena zimene ngwazi zawo zichite, kenako amaponya dayisi la mbali makumi awiri kuti ligamule ngati zatheka. Ngwazi ya namwino inali mkazi wodutsa m'zipupa. Wometa tsitsi wa khomo loyandikana nawo, amenenso ankasewera nawo, anapeka munthu wa liwiro loposa mphepo, zomwe sizinadabwitse aliyense wodziwa pakamwa pake.

Onse ankayembekezera kuti a Pampu apeka kamunthu kofatsa konyamulira ena zikwama. Anatenga pepala kupita nalo kunyumba, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi Kaputeni Ndioneni. Chovala chagolide, mano oyera mbee, tsitsi losasunthika ngakhale kukhale chimphepo. Amauluka, amanyamula basi ndi dzanja limodzi, koma mphamvu zakezo zimachokera kwa anthu omuonerera. Pakakhala khamu ndi makamera ndi chimphona. Pakakhala palibe womuona, ngakhale botolo la jamu limamukanika kutsegula.

Mkamwini anasangalala nazo kwambiri mpaka anawonjezera lamulo. Anajambula kabokosi pakona ya pepalalo n'kulembamo mapointi a kutchuka. Kaputeni akaonekera pagulu, mapointi akwera. Akagwira ntchito mosaonedwa, imodzi ifufutidwa. Akafika paziro, mphamvu zatha, ndipo pepala lilowa m'kabati osatulukanso.

Zimene zinachitika patebulo paja, amene sanaone ndi maso amakana. Bambo wofatsa uja ankaimirira, kututumutsa chifuwa, mawu n'kukhala ngati a munthu wolengeza pawailesi.

"Bambo, mlatho ukugwa," ankatero mkamwini. "Basi yodzaza ikulendewera. Kaputeni atani?"

"Atolankhani afika?"

"Sanafike, bambo."

"Ilendewere kaye. Ndikupesa."

Tsiku lina anagwira mbava ya kubanki, m'malo moipereka kupolisi n'kuisaina dzina pachipumi. Tsiku linanso anapulumutsa meya wa mzinda, kenako n'kumubwezera padenga pomwe anamutenga chifukwa wa kamera anali akusintha batire. Namwino ankaseka mpaka kutsamwa tiyi, akudzifunsa kuti bambo amenewa anali atabisala kuti zaka zonsezi.

A Pampu anamukonda Kaputeniyo, kumukonda kwenikweni. Mipope ya m'nyumba inapuma. Mkati mwa sabata ankakhala pakhonde ndi kabuku, kulemba mawu oti Kaputeni akayankhule Loweruka, n'kumakayeserera kubafa. Akazi awo atamva kuseri kwa chitseko mawu oti "Musandithokoze nonse nthawi imodzi, folani," anayamba aganiza kuti mutu wasokonekera. Koma ataona kuti bambo akudya bwino ndipo akuyenda akuimba mluzu, anangowasiya.

Koma kuseka kuli ndi malire ake. Maloweruka atatu otsatizana mzinda unagonja chifukwa cha Kaputeni, ndipo wometa anafika pokwiya zenizeni. Mkamwini anayesa kuyamba nkhaniyo, akusisita m'manja, "Bambo, pepani, kungoti mwina, kapena tikanati..." mpaka mkazi wake anamulanda mawu.

"Ababa, mukatiluzitsanso lero, Kaputeni apume. Mupeke wina wamakhalidwe."

A Pampu anayang'ana pepala lawo. M'kabokosi munali mutatsala mapointi atatu okha, poti nyuzipepala za mumzinda wopekawo zinali zitayamba kumunyoza Kaputeni. Akadzikonda, amuchotsa anzake. Akathandiza mosaonedwa, amuchotsa malamulo. Mtima unawawa, chifukwa wina wamakhalidwe sankamufuna. Wamakhalidwe anali atakhalapo kale zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anaganiza zochenjera: lero apulumutsa anthu ndithu, koma pamaso pa makamera.

Mkamwini anayala pepala lalikulu pakati pa makapu. Hotela ya nsanjika zisanu ndi ziwiri ikuyaka. Ngwazi ya namwino ndi ya wometa zili kale mkati, pansanjika yachisanu, ndi anthu makumi anayi amene asowa potulukira. Kutsogolo kuli khamu ndi makamera a mawailesi onse. Kenako, pofuna kungokometsera nkhani, mphunzitsiyo anawonjezera kuti kuseri, m'kanjira kopanda anthu, kuli galimoto ya ozimitsa moto, ndipo dalaivala wake wakomoka ndi utsi.

A Pampu anali ataimirira kale, kabuku katsegulidwa pa mawu amene anakonzera tsikulo. Anakatseka.

"Kupampu kuli ndani?"

"Kulibe munthu, bambo."

"Nanga mapaipi?"

"Ali kale m'mwamba. Pali anthu awiri pamakwerero akuthira madzi pamasitepe kuti anthu atsike."

"Aphunzitsi! Mwasiya anthu pamakwerero, kupampu kulibe munthu?"

Chikwatirire, mkamwiniyo anali asanamvepo apongozi ake akukweza mawu. Anayankha mwachibwibwi kuti ndi nkhani chabe, wangopeka.

"Kupeka kwake kumeneko? Thanki imeneyo mphindi zinayi yauma! Kaputeni akupita kuseri."

"Ababa, kuseri kulibe wokuonani," anatero namwino. "Mulibe mphamvu kumeneko."

"Pampu sifuna mphamvu. Imafuna munthu woidziwa."

Anakhala pansi n'kukankhira makapu pambali. Mawu a pawailesi aja anali atapita, kunatsala mawu afupiafupi a pantchito. Choyamba, Kaputeni akukokera dalaivala pamalo opita mphepo n'kumugoneka cham'mbali. Kenako akuthamangitsa paipi yaikulu kumpope wa mumsewu, akuutsegula kaye pang'ono kuti matope atuluke, asatseke pampu. Mkamwini anawapatsa dayisi, iwo n'kulikankha ndi chala.

"Izi si zamwayi. Ndanena mmene zimachitikira."

Mphunzitsiyo sanatsutse. Koma lamulo ndi lamulo: anatenga labala n'kufufuta pointi imodzi. A Pampu anaona, n'kupitiriza. Analamula wometa kuti asatsegule chitseko chilichonse asanachikhudze ndi kuseri kwa dzanja. Analamula mwana wawo kuti adutse m'chipupa akawerenge anthu, ndipo akafika pansi awawerengenso. Wometa, amene sanayambe wamverapo munthu, ankangoti "chabwino, achikulire." Labala anadyanso ina.

"Bambo," anatero mkamwini motsitsa mawu, "yatsala imodzi. Kaputeni akathamangira kutsogolo panopa, khamu limuona, auluka, atsitsa anthu khumi kapena kuposa."

"Ena makumi atatuwo?"

Dzanja la a Pampu linali litagwira chogwirira cha ketulo, likuchipotoza pang'onopang'ono, maso ali pa kamuvi kosaoneka.

"Ndikuwonjezera madzi pang'ono. Auzeni a pamakwerero agwiritse. Tsitsani anthu."

Anthu onse makumi anayi anatsika. Namwino anawawerenga kawiri monga anauzidwira. Mzinda unapambana, koyamba m'mwezi wathunthu, koma palibe anaomba m'manja, poti onse ankayang'ana mkamwini akufufuta pointi yomaliza.

A Pampu anatenga pepala la Kaputeni n'kulipinda bwinobwino pakati. Zinawapweteka, ndipo sanabise. "Anali munthu woipa," anatero, "koma ndinkagwirizana naye."

"Dikirani kaye!" Wometa anamenya tebulo mpaka masupuni analira. "Ine mwayi wanga sindinasewere. Aphunzitsi, ndikunyamula atolankhani onse, mmodzimmodzi, ndi makamera awo omwe, kukawatula kuseri. Moto usanazimiretu."

Mkamwini anakanda m'mutu, n'kunena kuti pafunika khumi ndi zisanu kapena kuposa. Wometa anauzira dayisi, kulipsompsona, kulilonjeza kulimeta ulere, n'kuliponya. Linagubuduka, kugunda mbale ya shuga, n'kuima pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Afika," anatero mkamwini, akumwetulira. "Makamera onse aloza munthu wa chovala chagolide chodetsedwa ndi matope, ali kupampu. Akufunsa kuti ameneyu ndani."

Namwino anaimirira, atagwira supuni ngati maikolofoni. Anayamba moseka, m'mawu a ngwazi yake, kunena kuti onse amene atuluka m'hotelamu atuluka chifukwa cha munthu uyu. Koma pakati penipeni kuseka kunathawa. Anati inu mumajambula a pamakwerero, koma a pamakwererowo moyo wawo umakhala m'dzanja la munthu amene watsala pansi. Anati munthu ameneyu ankabwera kunyumba malaya akununkha utsi, zala zitatupa, tikamufunsa n'kumati palibe chachilendo. Anati palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwa pamakwerero bambo anga ali kupampu, ndipo ine ndimawanyadira.

Mkamwini anafunyulula pepala lija mwakachetechete n'kulemba makumi awiri m'kabokosi.

A Pampu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Anawapukuta nthawi yaitali, magalasi oyera kale. Ngakhale wometa yemwe anapezeka akuyang'ana kudenga, akuti m'nyumbamu muli fumbi.

Kenako anavala magalasi aja, anaimirira, chifuwa chinatutumuka.

"Mayi inu," anatero Kaputeni Ndioneni, "mwayankhula bwino, koma mnyamata wa kamerayu anali asanayatse. Bwerezani zonse kuyambira poyamba. Pang'onopang'ono."

Namwino anapukuta m'maso, ananyamulanso supuni, n'kuyambira poyamba.