Chilomwe changa cha mkwiyo

Kusukulu mutu wanga unali ngati lichero lotungira madzi. Chingerezi chinkalowa m'mawa, pofika nthawi yoweruka chatha kudontha. Ndiye nditakwatira n'kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wanga, kwa Mwambo konkuno, palibe akanaganiza kuti ndingaphunzire chiyankhulo china ndevu zitamera kale.

Kwathu ndife alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja, timayankhula Chinyanja basi. Makolo a mkazi wanga anachokera ku Mozambiki. Achinyamata Chilomwe anachitaya, koma apongozi anga aakazi ndi akulu awo ankachiyankhulabe akakhala awiriwiri patsinde pa mtengo wa mango.

Masiku amenewo ndinkapikula matemba ku Kachulu n'kumagulitsa m'midzi, ndipo njira yotulukira pamudzi inkadutsa pafupi ndi mtengo uja. Mwaulemu ndinkatsika njinga n'kumaikankha, nkhope nditalozetsa kumbali monga achitira mkamwini woleredwa bwino. Ndikangodutsa, amayi awiriwo ankayamba kunong'onezana, kenako kuseka. Liwu limodzi silinkasowa: epuri.

Ndinafunsa mkazi wanga tanthauzo lake.

"Ine Chilomwe ndimangodziwa moni," anatero. "Asiyeni, akuluakulu amaseka zilizonse."

Sindinawasiye. Padoko la Kachulu panali bambo wina wa ku Chisi wosoka maukonde, wodziwa Chilomwe, ndiye ndinakawafunsa iwowo.

"Epuri ndi mbuzi, amwene," anayankha osakweza n'komwe mutu. "Wakutchani mbuzi ndani?"

Ine sindinanene kuti wina wanditcha dzina. Koma atangofunsa choncho, mlandu unatha kuzengedwa mumtima mwanga. Ndinabwerera kumudzi ndikupalasa ngati njingayo ndiyo yandilakwira.

Kuyambira pamenepo mutu wanga unasanduka ulimbo. Ndikamadutsa pamango paja makutu ankaima, ndipo mawu alionse amene ndatola ndinkapita ndikuwabwereza mokweza mpaka ku Kachulu kuopa kuti angagwe panjira. Anthu okumana nane ankaganiza kuti ndalowa mpingo wina wa malilime. Bambo aja ankandimasulira, ine n'kuwonjezera mafunso anga: waulesi amati chiyani, nanga wadyera, nanga wonunkha nsomba, nanga wamakutu aakulu. Ndinkafuna tsiku limene adzanditukwane lidzandipeze nditakonzeka.

Zimene ndinkatola zinkagwirizana mochititsa mantha. Tsiku lina anati mbuziyo imadya kwambiri. Tsiku lina anati ilibe manyazi. Ndinakumbukira kuti mkazi wanga akandimangira chinangwa chophika pakaliyala, ndikafika kudoko ndinkapeza tizidutswa tokhatokha m'kansalu komasuka. Ndinati basi, nayenso ali m'gulu lomwelo, akundichepetsera kamba chifukwa amayi ake adandaula.

Kenako ndinabweretsa kwa bambo aja chiganizo chachitali chokhala ndi liwu loti Khirisimasi. Anaika pansi ukonde n'kundiyang'ana.

"Apa akuti yanenepa, adzaipha pa Khirisimasi."

Ndinadzigwira pamimba. Kunenepa ndinali nditanenepadi. Mkwiyo uja unapeza mnzake, mantha, ndipo awiriwa anandiphunzitsa mwachangu kuposa mphunzitsi aliyense wa chikwapu. Chakudya chochokera kwa apongozi ndinasiya kulawa. Thobwa akatumiza ndinkayamba ndathirako pang'ono pansi kuti nkhuku zilawe, ndione ngati ziyambe kudzandira.

M'mawa wina ndikukankha njinga monga mwa masiku onse, ndinamva chiganizo chonse chathunthu popanda wondimasulira. Akulu awo a apongozi anati, "Taonani, lero yakweza miyendo yakutsogolo pakaliyala."

Ndinayang'ana miyendo yanga. Yonse iwiri inali pansi, ndipo yakutsogolo ndinalibe. Ndinacheuka kwa nthawi yoyamba chikwatirire pamudzi paja. Kumbuyo kwanga kunali mbuzi ya apongozi, yonenepa bwino, ikuyenda ndi miyendo yakumbuyo ngati munthu, kukamwa kuli chinangwa changa. Inandiyang'ana osasiya kutafuna.

Mwambo ndinauiwala. Ndinatembenukira kwa apongozi n'kunena m'Chilomwe chokhotakhota kuti, "Mbuzi iyi ilibe manyazi."

Apongozi anaphimba nkhope ndi chitenje. Akulu awo anaseka mpaka anagwa chagada pamphasa, mpango n'kuvuka.

Madzulo ake mkazi wanga anapita kukafunsa amayi ake chifukwa chimene sanandiuzire za mbuziyo nthawi yonseyi. Anabwera ndi yankho akupukuta misozi ya kuseka.

"Akuti mkamwini akanamuyitana bwanji pamsewu? Komanso nkhope yanu inkaopsa. Iwo amaganiza kuti mukudziwa, ndipo mwakwiya ndi mbuziyo, n'chifukwa chake anagwirizana zoipha."

Mtima utagwa pansi, ulimbo uja unauma. Bambo a maukonde anayesetsa kundiphunzitsa mawu abwino, othokoza ndi ofunira anthu mafuno abwino, koma ankalowa khutu ili n'kutulukira linali. Vuto linali lakuti apongozi anali atalengeza kale kwa abale onse kuti mkamwini wawo amayankhula Chilomwe.

Pa chinkhoswe cha mlamu wanga panabwera abale ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo anandiika ine kuti ndiwalandire. Moni ndinapereka bwinobwino. Kenako agogo ena aamuna anandifunsa kuti banja langa lili bwanji. Ndinafufuza m'mutu monse, koma munali matukwano okhaokha, osanjidwa bwino. Ndinasankha opepukirapo, n'kuwauza kuti ana ndi aulesi ndipo mayi awo ndi adyera.

Agogowo anagwedeza mutu mwachifundo, nati kwawonso n'chimodzimodzi. Mkazi wanga, amene Chilomwe amati amangodziwa moni, anali kumbuyo kwanga ndi chidebe cha thobwa, ndipo tsiku limenelo anamva zonse. Pa zochitika za pabanja masiku ano ntchito yanga ndi yokatenga mabenchi kutchalitchi.