Wotchi ya Woyimbira Mpira

Ku Chibavi kuli bambo ena omwe kale ankayimbira mpira. Impso zawo zinatopa, ndiye kawiri pa sabata amakagona kuchipatala pa makina osefa magazi, maso ali pa wotchi yawo. Dokotala anawalembera maola anayi, ndipo iwo amakonda kunena kuti, "Mpira suthera pa hafutaimu."

Lachiwiri lina, namwino anabwera kudzawachotsa patangotha maola awiri.

"Mwana wanga, maola anayiwo ndi ufulu wanga!" anakalipa bambowo.

"Pepani adada, makina enawo afa," anayankha namwinoyo, akuloza mtsikana wotupa nkhope yemwe ankabanika pabenchi. "Ndisankhe ndani?"

Bambowo anamuyang'anitsitsa mtsikanayo, kenaka anatambasula mkono kuti awachotse.

Masiku ano mapazi awo anatupa, salowanso mu nsapato, ndipo wotchi ija amaisiya kunyumba.