Msilikali wa Lachisanu Loyera

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinasokoneza sewero la Pasaka la mpingo wathu. Tinkapemphera mu holo yobwereka ku Girrawheen, dera lina la mzinda wa Perth, Amalawi ndi Azambia angapo, ndipo bambo anga ndiwo ankatsogolera nyimbo. Mawu anali nawo, zimenezo sindingawanamizire. Akayamba kuimba, azimayi ankatsinzina.

Kunyumba ankalankhula ndi manja. Ku Lilongwe anali bwana pa ofesi, koma ku Perth tinabwera pa viza ya amayi, amene anali namwino kuchipatala ku Nedlands, bambo n'kumatsuka magalimoto a eni. Mkwiyo wonsewo unkathera pathupi pa amayi. Ankavula lamba, n'kukulunga mbali imodzi padzanja, chitsulo chija n'kuchisiya chikulendewera. Asanamenye ankapuma kamodzi mwamphamvu ndi mphuno. Ine ndikamva kupumako ndili kuchipinda, ndinkadziwa kuti zayambika.

Amayi atadandaula kwa azimayi a mumpingo, iwo anabwera Loweruka lina, anamwa tiyi wathu, n'kuwauza kuti munthu aliyense ali ndi mtanda wake, wawo ndi banja, ausenze mopirira ngati mmene anachitira Ambuye. Kuyambira pamenepo, ndikafunsa za mlomo wotupa, amayi ankangoti, "Ndi mtanda wanga, Tadala. Pita ukadye." Chichewa changa chinali cha mwana wokulira kuno, womva koma n'kuyankha m'Chingerezi. Mawu ndinkawatenga mmene alili. Kwa ine mtanda unali mtanda basi.

Linafika Lachisanu Loyera. Yesu anali achimwene Limbani, mnyamata wa ku yunivesite wowonda ngati nsungwi, atafunda nsalu ya pabedi, atasenza matabwa awiri okhoma. Msilikali anali bambo anga. Chikwapu chabodza chimene anakonza chinaiwalika, ndiye bambo anangovula lamba, anthu n'kuseka pang'ono. Kenaka anakulunga padzanja. Chitsulo chinalendewera. Anapuma ndi mphuno.

Lamba analira pathabwa. Sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji pampando. Ndinangodzimva ndikukuwa m'Chingerezi kuti adadi asiye, kuti umo ndi mmene amamenyera amami, kuti kwathu wosenza mtanda ndi amami ndipo msilikali ndi iwowo tsiku lililonse. Woimba kiyibodi anachotsa manja. Achimwene Limbani anatula matabwa aja pansi. Khanda lina linkalira kumbuyo kwa holo.

Dzuwa linali lidakali pamutu pamene tinafika kunyumba, ndipo bambo sanadikire n'komwe kuti chitseko chitsekedwe. Anandigwira tsitsi, n'kundikokera kukhitchini. Koyamba lamba anatera pamsana, kachiwiri chitsulo chinanding'amba pamwamba pa diso, magazi n'kuphimba chilichonse. Ndinamva kukoma kwa mchere m'kamwa. Amayi anadziponya pakati pathu, diresi lawo la kutchalitchi lidakali m'thupi. Bambo anawamenya chibakera pakhutu. Amayi anagwa n'kugunda mutu pangodya ya chitofu, ndipo m'khutu muja munayamba kutuluka magazi, pang'onopang'ono, kutsikira m'khosi.

Apo m'pamene analowa Mayi Phiri, wamkulu wa azimayi aja amene anadzamwa tiyi. Anali atatitsatira pagalimoto yawo. Sanaodire.

"Mayi, izi ndi za m'banja," anatero bambo, akupuma wefuwefu.

"Bambo a Tadala, ikani lambayo pansi. Apolisi ndawaimbira kale, ali m'njira."

Mayi Phiri anagwada pafupi ndi amayi, n'kuvula duku lawo kuti atseke khutu lija. "Amake Tadala, tinakulakwirani," anatero. "Tinakusenzetsani mtanda, koma wokhoma misomali sitinamufunse kanthu. Tinkamupatsa maikolofoni."

Kunyumba ija sitinagonenso. Tinakhala kwa Mayi Phiri, kenaka amayi anapeza kanyumba ku Cannington. Ena mumpingo anasiya kutipatsa moni, amvekere mwana wa kuno alibe mwambo, wachititsa manyazi bambo ake pagulu. Ndinkawada anthu amenewo, ndipo ena mwa iwo sindinawakhululukirebe.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndimapempherabe, ngakhale kuti panapita zaka ndisanathe kuonera sewero la Pasaka osatuluka panja. Chimene ndinadzamvetsa n'chakuti nkhani ya mtanda ili ndi anthu awiri, womenyedwa ndi womenya, ndipo Mulungu sali mbali zonse ziwiri. Ife tinkalalikira womenyedwayo yekha chifukwa ndiye amene sakanatibwezera.

Khutu la amayi la kumanzere linafa tsiku lomwelo. Ndikafuna kulankhula nawo ndimakhala kudzanja lamanja. Chaka chatha, tili m'sitima, ndinalimba mtima n'kuwafunsa chimene chinawakhalitsa zaka zonsezo, iwo amene anali ndi ntchito yawoyawo ndiponso viza m'dzina lawo.

"Ndinkaopa, mwana wanga," anatero. "Ndinkaganiza kuti ndikatuluka m'nyumba ija, Mulungu atsala momwemo."

Ndinawafunsa ngati anatsaladi.

"Ayi. Ndinamupeza panja, akundidikira."