Chiguduli cha Bambo

Mpaka lero ndikamva fungo la thumba lakale la chimanga, fumbi losakanikirana ndi anankafumbwe, ndimakumbukira chisanu cha chaka chimene tinaika mlongo wanga Limbani. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, iye zitatu. Malungo anamugwira tili mkati mokolola, ndipo bambo anati tidikire kaye titsirize munda, chipatala cha ku boma n'kutali. Tsiku lachitatu anamalizikira panjinga, ali kumsana kwa mayi.

Maliro atatha, bambo anatenga chiguduli chosungiramo chimanga, n'kuboola pamutu ndi m'mikono, n'kuchivala mkati mwa malaya. Ankalima nacho, kudya nacho, kugona nacho. Analeka kutiyankhula. M'nyumba munkangomveka kukanda. Ine sindinkalira, sindinkamvanso chisoni chenicheni. Ndinkatunga madzi, kusesa, basi.

Lamulungu lina ndinafunsa a Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, ngati bambo apenga. Iwo anati ayi, anthu a m'Baibulo akalapa ankavala chovala chokhakhala cholukidwa ndi ubweya wa mbuzi, ndipo omasulira posowa dzina anabwereka la thumba lathu lomweli, poti kuyabwa kwake n'kumodzi. Nditafunsa kuti chimavulidwa liti, anati zimenezo amadziwa ndi wovalayo.

Tsiku lina masana bambo pokasamba anakoleka chiguduli chija pampanda wa bafa. Ndinaona timadontho ta magazi m'mapewa mwake. Ndinalowa m'nyumba kukafuna nsalu yofewa, ndipo yofewa kuposa zonse, yopanda woivala, inali kamalaya kachikasu ka Limbani. Ndinakang'amba pakati n'kukasokerera mkati mwa chigudulicho, msoko wokhotakhota wa mwana.

Bambo atatuluka anachitembenuza, n'kuona kansalu kachikasu kaja.

"Wasoka ndani?"

"Ndine, bambo. Kuti chisamakupwetekeni."

Sanandikalipire, sanasolenso ulusi. Anachivala momwemo, n'kukhala pansi pakhonde, n'kulira mokweza, koyamba chiikireni maliro. Mayi anasiya kupeta n'kukakhala pambali pawo. Mvula yoyamba itagwa, chigudulicho chinabwerera m'nkhokwe, kamalaya kali momwemo.

Nthawi imeneyo ndinkanyadira kuti ndawafewetsera chovala. Lero, poti nane ndili ndi ana, ndikudziwa kuti chiguduli chija ankatha kuchipirira. Chimene sanathe kupirira ndi kansalu kofewa kaja.