Mapiritsi amene ndinkamwetsa mng'ono wanga

Nkhani iyi ndaisunga mumtima zaka zambiri, ngakhale ana anga amene ndi akuluakulu tsopano sakuidziwa yonse, koma lero ndati ndiitulutse basi. Wina akawerenga n'kunena kuti mayiyu wangopeka, anene, pakamwa m'pake, koma ine ndikudziwa pamene pali mandawo, ndipo chilichonse ndikuuzeni pano chinachitikadi mu komboni ya George mu Lusaka muno maso anga akuona. Maina sinditchula, kaya a anthu kaya a chipatala, chifukwa wolakwa m'nkhaniyi ndi mmodzi yekha, ndipo ndi yemwe akukuuzaniyu.

Bambo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito yophika kumayadi, ife tinabadwira konkuno, ana awiri okha, ine ndi mng'ono wanga. Mayi atamwalira iye anali asanayambe n'sukulu yomwe, ndiye ndinamulera ndine, kumusambitsa, kumubereka kumbuyo, ndipo mpaka kukula sananditchulepo dzina, ankangoti ba sisi. Ine ndinkasoka ku fakitale ina ya zovala, koma zija boma linatsegula zipata salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, n'kudzaza tauni yonse, fakitale inatsekedwa tonse n'kutiuza kuti tizipita. Chaka chotsatira amuna anga anadwala nthawi yaitali n'kumwalira, kundisiyira ana awiri. Tisanapukute misozi, mng'ono wanga uja anabwera kuchokera ku komboni ya Matero ndi kachikwama kamodzi, banja litatha, ataonda, akutsokomola pang'onopang'ono. Anali katswiri woluka tsitsi, wanthabwala, woti akayamba kutsanzira mayendedwe a eni nyumba athu ngakhale uli ndi njala umaseka mpaka kugwira nthiti.

Masiku amenewo aliyense ankasaka pogwira, ndipo nkhani zonse zinkamvekera pamzere wotunga madzi. Kumeneko n'kumene ndinamva koyamba zoti kuli madokotala a kafukufuku amene amayesa mankhwala atsopano pa anthu, ndipo ukalembedwa amakupatsa ndalama ya transipoti yoti ukayenda pansi imakwanira ufa ndi ndiwo masiku angapo. Panali mayi wina wamfupi, wogulitsa makala, amene ankawadziwa malo onsewa ngati zala zake: kumene amapereka banzi ndi chakumwa, kumene amapereka ufa wa soya, kumene amatenga magazi ochepa, ndi tsiku limene amalemba anthu atsopano. Koma ankalankhula chonong'ona, chifukwa kutchalitchi ndi m'makomboni monse anthu ankati otenga magaziwo ndi a Satana, amakagulitsa magazi athu kunja, ndipo ukangosayina pepala lawo ndiye kuti wapereka banja lako nsembe. Ine mantha ndinali nawo, ndisakunamizeni, koma kodi mwana akamalira njala usiku wachiwiri, mantha ungawaphike? Ndinamukokera pambali mayi uja, iye n'kundilozera njira, n'kundilangiza kuti akandifunsa vinthu vambiri ine ndizingovomera kuti ndili bwino.

Tinapita awiri ndi mng'ono wanga, titavala ngati tikupita kumaliro kuti anthu asatifunse. Kafukufukuyo anali wa mapiritsi oteteza chifuwa chachikulu kwa anthu amene ali ndi kachirombo koma sanayambe kudwala. Anatitenga magazi, ndipo titabwerera tsiku limene anatiuza, tonse awiri tinapezeka nako. Mudabwa, koma ine sindinalire n'komwe, ndinali nditadziwa kale kuyambira pa maliro a amuna anga, mtima wanga unali pa kulembedwa basi. Panjira ndinali nditamugulira mng'ono wanga switi kuti azimung'unya, n'kumuuza kuti chifuwacho achigwire zolimba mpaka titatuluka. Anayesetsa mwana wa mayi anga, misozi mpaka kulengeza m'maso, koma dokotala atangomuika chopimira pamsana n'kumuuza kuti apume mwamphamvu, chifuwa chinaphulika, anatsokomola osalekeza mpaka kugwira khoma. Dokotalayo anati iye sangalembedwe chifukwa zikuoneka kuti matendawo anayamba kale, anamulembera kalata yoti apite nayo kuchipatala cha boma mawa lomwe, n'kunenetsa kuti chifuwa chachikulu chimachira munthu akafulumira. Ine anandilemba, n'kundipatsa botolo loyera lopanda dzina la mankhwala, longokhala ndi nambala.

Pobwerera ndinamukalipira msewu wonse, ndipo ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna nthaka itanditsegukira. Ndinati walephera kugwira chifuwa kamphindi kochepa chabe, watitayitsa ndalama, kodi akuganiza kuti m'nyumba mwanga ufa umagwa ngati mvula? Iye ankangondilondola m'mbuyo kalata ili m'manja.

Tsono kuchipatala chathu khomo la odwala chifuwa linali loyang'ana kumsewu, aliyense wodutsa ankaona amene wakhala pabenchipo, ndipo ukangooneka pamenepo komboni yonse inkayamba kukuwerengera masiku. Mng'ono wanga analira kuti akakhala pabenchi imeneyo palibe mkazi amene adzabweretsenso mutu wake kuti amuluke. Apa m'pamene nzeru zanga zopusa zinabwera, ndipo panthawiyo ndinadziona ngati wochenjera kuposa madokotala onse a mu Lusaka. Ndinati ngati mapiritsi awa amatha kutsekereza chifuwa kuti chisalowe, angalephere bwanji kuchitulutsa chitalowa? Komanso ndi ochokera kunja, amphamvu moti mpaka dzina lake amabisa, osati a boma aja oti lero alipo mawa atha. Ine ndinali wojintcha, wosadwala ngakhale mutu, ndiye ndimwerenji mankhwala pamene wodwala ali m'nyumba momwemo? Kalata ija ndinaiika pansi pa matiresi, ndipo kuyambira m'mawa wotsatira ndinkamudzutsa mng'ono wanga, kumupatsa piritsi ndi kapu ya madzi, iye n'kulandira ndi manja awiri.

Masabata oyamba anaonekadi ngati akupeza bwino, nkhope inayamba kusalala, nthabwala zinabwerera, ine osadziwa kuti chinkamuthandiza ndi kapenta ndi mazira amene tinkagula ndi ndalama ya transipoti ija. Mwezi uliwonse ndinkapita ndi botolo lopanda kanthu kwa nesi wa kafukufuku, mayi wamkulu wa imvi, waulemu kwambiri, amene ankandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ine ndiye chitsanzo, sindidumphitsa tsiku. Ankandifunsa ngati ndikutsokomola, ine ayi, ngati kunyumba onse ali bwino, ine inde, ndipo tsiku lina atandifunsa ngati mng'ono wanga uja anapita kuchipatala, ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti anapita ndipo akumwa mankhwala.

Mwezi wachitatu zinthu zinatembenuka. Mng'ono wanga ankadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, chitenje chinkamuzungulira kawiri, zala zinkanjenjemera moti kuluka kunayamba kumukanika. Bambo wina wokhoma mipando amene tinkakhala naye mpanda umodzi anandiitana mwaulemu n'kunena kuti chifuwa chimenecho iye akuchidziwa, chinatenga mkazi wake, ndimutengere mwanayo kuchipatala. Ndinawayankha mwano bambo amenewo, ndinati ayang'ane za misomali yawo, za m'nyumba mwanga azisiye. Ndipo chimene chimandipweteka koposa n'chakuti mng'ono wanga yemwe, amene poyamba ankaopa benchi ija, tsiku lina anandigwira dzanja n'kupempha kuti ba sisi mwina tingopita, anthu anene zimene anene. Ine ndinati adikire, mankhwala akunja amagwira pang'onopang'ono, amayamba autsa matenda kenako n'kuwachotsa. Koma zoona zake, zimene sindinamuuze, ndinkaopa kuti akamuyeza magazi aona mapiritsi anga m'thupi mwake, akandinenera, andichotsa m'kaundula, ndalama n'kutha. Mukuona mtundu wa munthu amene ndinali?

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Lachinayi masana, dzuwa lili pamutu. Mng'ono wanga anali atakhala pampando panja kuothera dzuwa, ine ndikuchapa, ndipo ndinangomva ngati munthu wakhuthula madzi pansi. Potembenuka ndinaona magazi akutuluka m'kamwa ndi m'mphuno, ofiira, athovu, osaleka, iye maso ali pa ine, akuyesa kuwabweza ndi manja. Ndinakuwa mpaka komboni yonse inatuluka. Bambo okhoma mipando omwe ndinawanyoza aja ndi amene anamunyamula pa wilibala mpaka kumsewu, ndipo maminibasi atatu anakana kutitenga ataona magaziwo, mpaka woyendetsa kagalimoto ka makala anatimvera chisoni. Kuchipatala chachikulu dokotala wachinyamata anafunsa kuti wakhala akutsokomola nthawi yaitali bwanji, nditanena anavula magalasi n'kundifunsa kuti tinali kuti miyezi yonseyi, mapapo atha. Kenako anamufunsa iye mwini ngati pali mankhwala ena alionse amene wakhala akumwa. Mng'ono wanga anandiyang'ana, n'kupukusa mutu kuti ayi. Ankanditeteza, ali pa bedi la imfa ankatetezabe ndalama yanga ya transipoti. Anamwalira tsiku lachitatu m'mawa, ndikumupukuta milomo.

Maliro atatha, anthu atabalalika, ndinatsala ndi botolo latsopano limene ndinali nditangolandira kumene. Mutu wanga sunkayenda bwino masiku amenewo, ndipo chimene ndinachita sindikufuna munthu wina aliyense adzachiganize n'komwe. Ana atapita kusukulu ndinatseka chitseko n'kumwa mapiritsi onse, n'kugona pamphasa pamene malemuyo ankagona. Koma nditangogona ndinayamba kuganiza kuti amene atsegule chitsekocho masana ndi mwana wanga wamkazi, ndipo adzalera mlongo wake ngati mmene ine ndinalerera malemuyo, wopanda mayi. Mantha amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ndinadzuka, n'kuthamangira ku kafukufuku kuja wopanda nsapato, botolo m'manja, ndikudikira kuti pena paliponse ndigwa osadzukanso.

Nditafika ndinangomuonetsa nesi uja botolo n'kunena kuti ndamwa onse. Anakuwa kuitana dokotala, anandigoneka pabedi, wina akundigwira pamkono, wina akundiyang'ana m'maso, ndipo dokotala anati ayenera kudziwa msanga chimene chinali m'botolomo. Anatsegula kabati yokhoma, n'kutulutsa envulopu yomata yokhala ndi nambala yanga, n'kuing'amba. Atawerenga anapumira m'mwamba, n'kumupatsa nesi, ndipo mayi uja anaomba m'manja, nkhope yonse kuwala, n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Anandikumbatira n'kunena kuti ndili ndi mwayi waukulu, sindifa, ine ndinali m'gulu la anthu olandira mapiritsi opanda mankhwala, ongoumbidwa ndi ufa kuti afanane ndi enieniwo.

Ndinamufunsa kuti abwereze. Anabwereza akumwetulirabe, kuti mwezi uliwonse chiyambire, m'mabotolo anga onse munalibe mankhwala ngakhale pang'ono.

Akuti kukuwa kwanga kunamveka mpaka kugeti. Ndinagwa pansi, ndinang'amba bulauzi, ndinawatukwana onse kuti ndi mfiti, akupha, a Satana enieni, ndipo pakati pa kutukwanako nkhani yonse inatuluka, ya kalata, ya mng'ono wanga, ya bodza langa la mwezi ndi mwezi. Nesi uja kumwetulira kunathera pomwepo, anakhala pansi pasimenti pafupi nane ndi yunifolomu yake yoyera n'kuyamba kulira. Nditatopa anabweretsa pepala limene ndinasayina tsiku lolembedwa, n'kundikumbutsa kuti anandiwerengera yekha m'Chinyanja, kuti ena adzalandira mankhwala enieni ena opanda kanthu, kuti ngakhale iwo sadziwa kuti ndani walandira ati, ndiponso kuti ndisapatse munthu wina. Ndipo ndinakumbukira, anawerengadi, ine ndikungogwedeza mutu, maso ali pa tebulo limene ankaperekera ndalama. Dokotala anayesa kunditonthoza kuti ngakhale akanakhala enieni sakanamuchiza, chifukwa oteteza ndi ochiza ndi osiyana, koma mawu amenewo anangowonjezera moto, chifukwa ochizawo anali pafupi, ulendo wapansi, ndipo kalata yake ndinkaigonera.

Ine ndinakhala ndi moyo mpaka mankhwala otalikitsa moyo anabwera, lero ndili ndi zidzukulu, ndipo anthu amati Mulungu anandikonda. Zoti anthu aja anali a Satana sindikhulupiriranso, sanandibisire kanthu, ndipo nesi uja anabwera kwathu kawiri kudzandiona popanda womutuma. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti njala imatseka makutu, ndipo munthu amene amakukonda ukhoza kumupha ndi manja ako uku ukuganiza kuti ukumusamala.

Ndikumva kuti masiku ano achinyamata mukumasaka kafukufuku wolipira pa mafoni, kufunsana kuti kwatsegulidwa kuti pafupi. Sindikukuletsani, mankhwala amene andisunga inewa anayesedwanso pa anthu ena. Koma akamakuwerengerani pepala lija, ikani manja pamiyendo, iwalani za ndalama, mverani, ndipo chimene simunamve funsani ngakhale kakhumi. Musabise chifuwa, musaname, ndipo botolo limene lili ndi nambala yanu lisadutse m'manja mwanu kupita kwa wina, ngakhale akhale wobadwa naye mimba imodzi. Wodwala akakupemphani kuti mupite naye kuchipatala, nyamukani tsiku lomwelo. Wanga anandipempha kamodzi kokha, ine n'kumuuza kuti adikire, ndipo anadikiradi, chifukwa chibadwire anali asanakanepo mawu a ba sisi.