Pepala la pa Chitseko cha Sukulu

A Yosefe Nkhoma ndawadziwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Amakonza njinga m'mphepete mwa msewu wa ku Kasenengwa, ndipo sindinawagwirepo bodza.

Chisankho chapitachi anaima ukhansala pa kachipani kopanda ngakhale galimoto. Amai Olipa, amasiye a m'mudzi mwawo, anaopa.

"A Nkhoma, akuluakuluwa akadziwa kuti tavotera inu, atimana feteleza."

"Amai, si zakukopaletivu izi, zoima pamzere kumbuyo kwa munthu. M'kachipinda muja mumakhala nokha."

Ananena zoona, koma anaiwala pepala. Atawerenga mavoti, zotsatira anazimata pachitseko cha sukulu: a Nkhoma 143, pomwe amene anapambana m'wadi yonse anangopezapo 19 okha. Pasukulupo amavotapo a mudzi umodzi. Khansala watsopano anabwera, nayendetsa chala papepalapo, nachoka osalonjera munthu.

Mjigo utathyoka, palibe anabwera kudzaukonza. Kenako maina a mudziwo anayamba kusowa pandandanda wa feteleza.

A Nkhoma sanasiye kulankhula. Munthu akabwera ndi njinga yophulika tayala, amamwazira chimanga pansi pomufotokozera za mavoti.

"Pa ukhansala wotsogola amatenga zonse, mavoti athu aja amathera kudzala. Pa upulezidenti pamafunika kupitirira theka, ndiye akuluakulu amatha kudzatigwadira. Koma ilipo njira ina: kuphatikiza mavoti a chipani m'boma lonse, mipando n'kugawana. Tikanapeza umodzi, wotilankhulira."

"Achimwene," anatero a Emmanuel, ogulitsa makala, "mipando yanuyo nkhuku zikutola. Popani tayala."

Mwezi watha anyamata awiri anafika panjinga yamoto. Sakalipa, satukwana. Amangoyenda khomo ndi khomo kulemba manambala a makhadi ovotera, n'kumati amene walembetsa adzakumbukiridwa. Nyumba zisanu ndi ziwiri zapereka kale.

Amai Olipa anabwera kumsewu, khadi ili m'mpango.

"Ndipereke? Munda wanga chaka chatha unangobala mapesi. Ana anayi aja adya mavoti?"

A Nkhoma anaika sipanala pansi.

"Musapereke. Mvula isanagwe dzina lanu libwerera. Ndipita ndekha kwa khansala, ndikamuuze kuti sindidzaimanso."

Papita masabata atatu. M'mawa uliwonse a Nkhoma amavala jekete, n'kufika pamphambano ya kwa khansala, n'kubwerera. Dzulo kunagunda mabingu cha ku Chipata. Amai Olipa khadi akadali nayo, akudikira.